Zotsatira za funso langa pa maphunziro okonza m'kati mwa nyumba

Ndikuthokoza nonse amene munandiyankha nditafunsa ngati munthu wamkulu wogwira ntchito masana angathe kuphunzira luso lokonza ndi kukongoletsa m'kati mwa nyumba. Ambiri munandilangiza kuti ndiyambe ndi kosi yaifupi yamadzulo ndisanaganize za dipuloma, ndipo ndinatsatira malangizo amenewo.

Ndinkayesa kuti tiyamba ndi kusankha penti ndi makatani, koma masabata oyambirira tinkangokhalira kuyeza zipinda ndi tepi ndi kujambula mapulani pa sikelo ya 1:50, pomwe sentimita imodzi papepala imaimira masentimita 50 m'chipinda. Pa ntchito yanga yoyamba ndinaiwala kuonetsa mbali imene chitseko chimatsegukira, moti kabati imene ndinaijambula pafupi ndi khomo ikanatseka njira. Aphunzitsi anangoizungulitsa ndi pensulo yofiira osanena kanthu. SketchUp, pulogalamu ya pakompyuta yojambulira mapulani, tinaiyamba pambuyo pake, ndipo sinandivute kwenikweni chifukwa miyeso ndinali nditaizolowera kale.

Amene mukufuna kulembetsa, funsani kaye ngati kosiyo ili ndi ntchito zoti mudzazionetse kwa makasitomala, chifukwa nthawi zambiri amafuna kuona zimene mwapanga asanafunse za satifiketi. Funsaninso ngati kompyuta yanu ingakwanitse mapulogalamuwo, poti yanga inkachedwa kwambiri.