Nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu, wamkulu wake uti?

Anzanga ndithandizeni. Ndili kuno ku Chipata ndikulemba nthano yaitali pa foni, mudzi wake ndi wongopeka, kuli njoka yokamba ngati munthu ndi ng'oma yoitanira mvula, koma anthu ake ndifuna akhale Achewa enieni monga a kwathu ku Katete. Manje mnyamata wina waba ng'omayo, mlandu wafika pabwalo, ndiye ndinalemba kuti nyakwawa iloza bambo wake wa mwana nkunena kuti "nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu".

Nditawawerengera ambuya anga, za njoka yokamba sanatsutse olo pang'ono, koma pofika apa anasiya kusenda nshawa ati iwe mwana, mkamwini angayankhe mlandu wa mbumba ya eni? Zandikhudza kwambiri chifukwa ndifuna wowerenga amve kuti ali pamudzi ndithu. Kodi wamkulu mumwambiwu ndi bambo womubala kapena atsibweni? Nanga kupota ndi chani kwenikweni?

Mayi wa ku Chadiza:
Kupota ndi kwa m'mimba mwanawanga, muja mumapotokola ukadya zosayenera. Wadya nkhuyu ndi mwana koma womva kuwawa ndi wamkulu, kutanthauza kuti mwana akalakwa wolipira ndi womuyang'anira. Kwa ife Achewa mwana ndi wa kuchikazi, mwinimbumba ndi mlongo wa mayi ake, mbuzi yolipira mlandu aifuna kwa iyeyo. Ambuya ako akamba zoona.

Bambo wa ku Mtenguleni:
Koma samalani, mudzi wanuwo ukakhala wa Angoni a Mpezeni nkhani itembenuka, kuno malowolo akaperekedwa ana ndi a kuchimuna, mwambi ndi womwewo koma chala chiloza bambo. Chinanso mfumu siyamba ndiyo kukamba, nduna zifunsa kaye mbali zonse, mwambi ubwera kothera pogamula. Mukapeza mpata pitani ku Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti mukaone m'mene mafumu afikira pamaso pa Kalonga Gawa Undi, makhalidwe aja muwalembe.

Mwini funso:
Zikomo amayi, zikomo abambo. Tsamba lonse lija ndafufuta, atsibweni ndawaika kutsogolo pamphasa, bambo wake kumbuyo chipewa chili m'manja. Chatsala chimodzi, mayi wa mnyamatayo angakambe yekha pabwalopo kapena mawu ake adzera kwa mlongo wake?