Sabata yoyamba pa yunivesite: ndithamangire chiyani, ndisiye chiyani?

Wongosankhidwa kumene

Akuluakulu, moni nonse. Kalata yondiitana ku yunivesite ndalandira, ndipo tikutsegulira sabata yamawa. Ndikakhala mu hostelo, chipinda chimodzi anthu awiri. Pulogalamu ya oriyentesheni (masiku odziwitsa atsopano za sukulu) imene atitumizira ndi yothithikana kuyambira m'mawa mpaka madzulo, moti mutu wandibalalika: kulembetsa, chipinda, makalasi, magulu a ophunzira, zonsezi m'masiku asanu. Inu amene mumazidziwa, chofunika kuthamangira n'chiti, nanga chimene chingadikire n'chiti? Anthu atsopano amapunthwa pati kwenikweni?

Wa ku kaundula

Mafuno abwino pa kusankhidwa kwanu. Zinthu za sabata imeneyi zigaweni pawiri: zokhala ndi tsiku lotsekera, ndi zopanda tsiku. Gule wolandirira alendo mukaphonya palibe chimene chilakwike. Kulembetsa mukaphonya, mwadziputira mavuto a semesita yonse.

Ndipo kulembetsako n'kuwiri, ngakhale ambiri amachita kumodzi n'kuyesa amaliza. Koyamba mumalembetsa monga wophunzira wa sukuluyo: mumaonetsa kalata yokuitanani, setifiketi, chiphaso chanu, ndi umboni woti fizi yalipidwa kapena kalata ya amene akukulipirirani, kenako amakupatsani nambala yanu. Kwachiwiri mumalembetsa makosi a semesitayo, iliyonse payokha. Munthu akhoza kukhala m'kalasi miyezi itatu, ntchito zonse n'kumapereka, koma ngati dzina lake palibe pa mndandanda wa kosiyo, malikisi ake alibe polowera. Izi zimatulukira mayeso atayandikira, pamene kukonza kwake kumafuna masiginecha a anthu atatu.

Polembetsa makosi muziyang'ana khodi, yomwe ndi nambala yozindikirira kosi, osati dzina lokha. Masamu a chaka choyamba amatha kukhala a mitundu iwiri kapena itatu, ena a ochita uinjiniya, ena a zachuma, mayina ofanana koma makhodi osiyana. Yambani ndi makosi okakamiza a pulogalamu yanu, odzisankhira abwere pambuyo, ndipo muwaike pa taimutebulo kuti muone ngati awiri sakugundana ola limodzi. Akagundana, pitani ku dipatimenti tsiku lomwelo. Sukulu zambiri zimapereka sabata imodzi kapena ziwiri zosinthira makosi, ndipo zikatha chitseko chimatsekeka.

Mapepala: chikalata chilichonse chikhale ndi mafotokope atatu, zithunzi za pasipoti zinayi, komanso mujambule zonse n'kudzitumizira pa imelo. Polipira fizi kubanki onetsetsani kuti pa risiti palembedwa nambala imene sukulu yakuuzani, chifukwa ndalama yopanda nambala imalowa ndithu koma sidziwika mwini wake. Chinanso chooneka chaching'ono ndi kalembedwe ka dzina. Mmene alilembere sabata ino ndi mmene lidzatulukire pa digiri, ndiye ngati chilembo chimodzi chasiyana ndi cha pa setifiketi, musachoke pa tebulopo asanakonze. Pamzere mufike maofesi asanatsegule.

Woyang'anira mahostelo

Zimene anena akuluwa n'zoona. Ine ndiwonjezere za chipinda. Mukalandira kiyi, musamasule chikwama msanga. Yambani mwazungulira chipindacho foni ili m'manja: jambulani galasi la zenera, loko, soketi, switchi, mpando, zitseko za kabati. Chothyoka chilichonse chilembedwe pa fomu yolandirira chipinda musanasaine, apo ayi potuluka adzati munathyola ndinu.

Kenako tembenuzani matiresi, musanthule m'misoko yake ndi m'makona mwa bedi. Timadontho takuda tonga ta inki ndi chizindikiro cha nsikidzi. Mukationa kaneneni nthawi yomweyo zovala zanu zisanatuluke m'chikwama, chifukwa zikalowa m'katundu mudzapita nazo kwanu pa holide. Kupopera mankhwala kamodzi sikupha mazira ake, koma kutentha ndiko kumapha, n'chifukwa chake zofunda zimene zagwidwa zimachapidwa m'madzi otentha madigiri 60.

Za magetsi ndiye n'zimene zimaotcha zipinda. Kumene magetsi ndi a mavoti 230, pulagi ya fyuzi ya maampu 13 imanyamula mawati pafupifupi 3,000 basi. Ketulo yokha imadya mawati 2,000 kapena kuposa, simbi imaposa 1,000. Mukazilumikiza zonse pa ekisitenshoni imodzi mwadutsa kale malire, ndipo ngati ili yotchipa yopanda fyuzi, waya amatentha mpaka kusungunuka. Ekisitenshoni ndi ya matchaja ndi laputopu. Chotenthetsa chilichonse chipite pa soketi ya pakhoma, chimodzi pa nthawi, ngati malamulo a hosteloyo amachilola n'komwe.

Gulani loko wanuwanu wa pakabati. Sabata yoyamba palibe amene akudziwa mnzake, ndiye wakuba amayenda m'makonde ngati wophunzira. Lembani penapake nambala ya pansi pa laputopu, ndi ya foni imene imatuluka mukaimba *#06#. Apolisi amafunsa zimenezo.

Mnzanu wa m'chipinda mukambirane naye usiku woyamba, musanakwiyitsane: nyali izizima nthawi yanji, alendo azichoka nthawi yanji, chobwerekana n'chiti, akusesa ndani. Zikamakambidwa tsiku loyamba zimamveka ngati macheza. Zomwezo kuzikamba mwezi utatha zimakhala mlandu.

Mudziwenso pamene pali chipatala cha pasukulu musanadwale. Chimfine cha masabata oyamba n'chachizolowezi, poti anthu ochokera kosiyanasiyana asonkhana malo amodzi. Koma kutentha thupi kodzidzimutsa pamodzi ndi mutu waukulu, khosi louma ndi maso okana kuwala, zimenezo si zogonera: akhoza kukhala matenda oumitsa khosi, amene amafala pamene anthu agona mothithikana ndipo amatha kupha m'tsiku limodzi.

Mphunzitsi wa chaka choyamba

Ine nditsutseko bodza limene ophunzira akale amauza atsopano, loti sabata yoyamba kulibe kuphunzira. Kalasi yoyamba ndi imene mphunzitsi amagawa ndondomeko ya kosi: mitu yake, mabuku, masiku a mayeso a pakati, ndi mmene malikisi agawidwira pakati pa ntchito za m'semesita ndi mayeso otsiriza. Madeti onsewo muwalowetse pa kalendala imodzi. Mudzaona kuti makosi asanu amakonda kuunjika mayeso awo m'masabata omwewo a pakati pa semesita, ndipo n'kwabwino kuliona phirilo mukadali patali.

Chimene chimanyenga atsopano ndi mipata. Taimutebulo imaonetsa maola mwina 15 kapena 20 pa sabata, munthu n'kumati kuno n'kokoma. Mawerengedwe ofala ndi akuti ola limodzi la m'kalasi limafuna maola awiri owerenga panokha. Maola 15 ndiye kuti 45 onse pamodzi, ntchito yathunthu, kungoti palibe belu kapena wokuyang'anirani. Mpata wa maola awiri pakati pa makalasi ndi wa ku laibulale, osati wobwerera kukagona. Ndipo manotsi muziwaonanso tsiku lomwelo, ngakhale mphindi 15 zokha. Hermann Ebbinghaus, katswiri wa zamaganizo wa ku Germany, anaonetsa kale mu 1885 kuti zambiri zimene munthu waphunzira zimathawa m'maola oyambirira, kenako kuiwalako kumachepa liwiro.

Tsegulani imelo ya sukulu pa foni tsiku lomwe mwailandira, musinthe pasiwedi. Kusintha kwa chipinda chophunzirira kumalengezedwa kumeneko kapena pa masamba a pa intaneti ophunzirira monga Moodle, Canvas kaya Google Classroom, malinga ndi chimene sukulu yanu imagwiritsa ntchito. Gulu la WhatsApp la kalasi limathandiza, koma mphekesera zimakhalanso momwemo. Ngati pasukulupo pali eduroam, Wi-Fi ya m'mayunivesite, polowa mulembe dzina lanu lolowera lonse pamodzi ndi mbali yoyambira pa @. Ambiri amasiya mbali imeneyo n'kumadandaula kuti intaneti yafa.

Phunziro la ku laibulale la pa oriyentesheni ndi limene anthu amathawa, chonsecho ndi lokhalo limene mudzalifune chaka chonse. Kumeneko n'kumene amaonetsa kapezedwe ka mabuku ndi katchulidwe ka kumene mwatenga mfundo. Kukopera ndime ya munthu popanda kumutchula ndi mlandu waukulu pa yunivesite, ndipo mapulogalamu onga Turnitin amagwira ngakhale mwasinthako mawu awiri atatu. Mabuku musagule sabata ino. Funsani kaye mphunzitsi kuti lofunikadi ndi liti. Safunsa anadya phula.

Madzulo a tsiku lofika, yendani wapansi kukaona zipinda zonse zimene zili pa taimutebulo yanu, muwerenge mphindi kuchokera pa china kufika pa chinzake.

Wongosankhidwa kumene

Zikomo kwambiri nonse, ndalemba. Nanga za ndalama ndi anzanga? Sindikudziwa munthu ndi mmodzi yemwe kumeneko.

Wa chaka chomaliza

Achemwali kaya achimwene, pa ndalama chitani samu iyi musanagule kanthu: chotsani zolipira kamodzi monga malo ogona, zotsalazo mugawe ndi masabata a semesita, kawirikawiri 14 mpaka 16, muwonjezepo awiri a mayeso. Chimene chatulukacho ndiye chanu pa sabata. Ndalama ya semesita yonse ikakhala pamodzi m'foni imaoneka yambiri, ndiye imene simukuifuna mwezi uno ikhale ku akaunti ina. Ngati mukudikira ngongole kapena thandizo la maphunziro, konzekani ngati lichedwa. Ndipo wina akakuuzani kuti mumupatse ndalama akupezereni chipinda kapena akudumphitseni mzere, funsani risiti ya sukulu, muona mmene asowere.

Za anzanu musade nazo nkhawa kwambiri. Aliyense amene mukumuona akuseka mokweza pa oriyentesheni nayenso sakudziwa munthu. Amene mudye nawo sabata ino mwina si amene mudzakhale nawo chaka chamawa, ndipo palibe cholakwika. Chofunika pakadali pano ndi manambala a anthu awiri m'kosi iliyonse, oti mukadwala akupatseni manotsi. Magulu kaoneni ambiri, koma mulowe awiri okha, lina logwirizana ndi maphunziro anu, lina longosangalatsa mtima.

Ku zisangalalo za usiku pitani ndi munthu amene mwapangana kuti mubwerera limodzi. Chakumwa chanu chisachoke m'manja, ndipo chotsegulidwa kale musalandire. Ophunzira akale ena ndi othandiza zedi, ena amasaka atsopano dala. Amene akukukakamizani chinthu ponena kuti ndi mwambo wa pano, kaneneni ku ofesi yoona za ophunzira.

Kupukwa kwanu kudzabwera, makamaka Loweruka loyamba phokoso likazizira. Imbani kunyumba, koma mutuluke m'chipinda mukadye ndi anthu. Zikapitirira masabata awiri atatu, tulo osabwera, chakudya osalowa, makalasi mwayamba kujomba, pitani kwa alangizi a pasukulupo. Nambala yawo ndi ya alonda a pakampasi muzisunge m'foni tsiku lofika.