Kodi mkazi wamasiye ndi ana ake amalandira chiyani ku Social Security, thumba la penshoni la boma la America?

Wofunsa: Alamu anga amwalira ku America atagwira ntchito zaka 7 zokha, ndipo asiya mkazi wa zaka 41 ndi ana awiri, wa zaka 9 ndi wa zaka 17. Tamva kuti pamafunika zaka 10 kuti munthu ayenerere penshoni ya boma. Kodi banjali lilandira kanthu?

Yankho loyamba: Pepani ndi zovutazi. Zaka 10 zomwe mwamvazo, zomwe ndi makirediti 40 (mapointi amene munthu amapeza akamagwira ntchito ndi kulipira msonkho wa Social Security), zimakhudza penshoni ya munthu wopuma pantchito. Pa imfa lamulo limafewa, chifukwa ngati malemuwo anapeza makirediti 6 m'zaka 3 zomaliza asanamwalire, ana ake komanso kholo lowasamalira amayenerera. Mwana aliyense amalandira 75 peresenti ya penshoni yonse imene malemuwo akanalandira mpaka atakwanitsa zaka 18, kapena 19 ngati akadali ku sekondale.

Yankho lachiwiri: Ndiwonjezere za mayiwo, poti ambiri amasokonezeka pamenepa. Iwo alandira chifukwa akulera mwana wosakwana zaka 16, koma mwanayo akadzafika zaka 16 ndalama zawo zidzaima, ndipo za umasiye zimayamba pa zaka 60 ngati makirediti a malemuwo akukwanira. Akadzakwatiwanso asanafike zaka 60, mwayi umenewu umatha nthawi yonse ya ukwati watsopanowo. Palinso malire a ndalama zimene banja limodzi lingalandire.

Wofunsa: Zikomo kwambiri. Ndiwauza atenge chikalata cha imfa, cha ukwati ndi za kubadwa kwa ana, akalembetse mwamsanga.