Pasiwedi ya admin ikukana kusintha, System error 8646

Wa ku Area 25: Akuluakulu thandizeni, kuyambira m'mawa ndili pa laputopu imodzi. HP, Windows 11 Home. Eni ake ndi mayi ena, kasitomala wanga wakale. Akuti mwana wawo wa Fomu 3 akumaikamo magemu usiku, bandulo ikutha masiku awiri, ndiye ndisinthe pasiwedi ya admin. Ndimati kantchito ka mphindi zisanu. Ndatsegula cmd (windo yolembamo malamulo) ngati admin, ndalemba lamulo losinthira pasiwedi, net user dzina *, yandibwezera System error 8646. lusrmgr.msc, chida choyang'anira maakaunti, mulibe poti ndi Home. Mu netplwiz, chida china cha maakaunti, batani la Reset Password silikudinika. Mayiwo amalowa ndi PIN basi, pasiwedi sakuidziwa n'komwe. Akubwera 4 koloko.

Madala a ku Limbe: Fomatani. Mwataya kale theka la tsiku.

Mlongo wa ku Zomba: Achimwene, 8646 ikutanthauza kuti imeneyo ndi akaunti ya Microsoft, si ya local. Pasiwediyo imasungidwa kwa Microsoft, net user singaikhudze. Onani pa Settings, Accounts, Your info, pali imelo ya ndani?

Wa ku Area 25: Ii zoonadi, pali imelo ya Outlook. Ndi ya alongo awo a mayiwa, ali ku Johannesburg, ndi amene anatumiza laputopuyi. Ndawaimbira pa WhatsApp sakuyankha.

Madala a ku Limbe: Ndiye mukudikira chiyani? Kopani mafayilo pa external, fomatani, ikani Windows yatsopano pa dzina la mayiwo.

Wa ku Ndirande: Bootani ndi flashi ya Hiren's (ya zida zokonzera kompyuta) kapena njira ija ya utilman yotsegulira cmd pa sikirini yolowera, mutsegule akaunti ya Administrator yobisika mu Windows, nkhani yatha.

Mlongo wa ku Zomba: Musayerekeze kuboota ndi flashi musanaone manage-bde -status, lamulo loonetsa ngati disiki ili yokhomedwa. Makina ambiri a Windows 11 olowa ndi akaunti ya Microsoft amakhala ndi device encryption, yomwe imakhoma disiki yonse ndi kiyi, ngakhale ali Home. Mukagwiragwira mu BIOS (masetingi a makina Windows isanayambe), kuzimitsa chitetezo cha Secure Boot, ikhoza kukufunsani recovery key ya manambala 48, ndipo kiyiyo ili mu akaunti ya munthu wa ku Joni amene sakuyankha foniyo. Komanso utilman ya chiyani pomwe muli kale mkati ngati admin?

Wa ku Mzuzu: Za kiyi zimenezi ine zinandigwera chaka chatha. Mtsikana wa ku koleji anabweretsa Dell kuti ndingochotsa pasiwedi. Ndinazimitsa Secure Boot, kuyatsanso, sikirini yabuluu yofuna kiyi. Imelo anamutsegulira munthu amene anamugulitsa makinawo, nambala yake inasiya kugwira. Munali dissertation yonse, yotsala sabata imodzi kuti apereke. Anakhala pa benchi la shopu yanga mpaka madzulo, osalira, osalankhula, atangogwira chikwama pamiyendo. Bola akanangonditukwana. Mpaka lero sindidya chips pa malo amene iye amadutsa.

Wa ku Ndirande: Kkkk pepani bwana. Koma inenso ndinasiya kutsegula makina opanda risiti. Wina anabwera nayo akuti waiwala pasiwedi, nditatsegula zithunzi zonse za banja la azungu. Mawa lake ndinakafotokoza bwino ku polisi.

Wa ku Area 25: Mayiwa ndimawadziwa, laputopu ndi yawo. Tibwerere pa nkhani chonde, nthawi ikutha.

Madala a ku Limbe: Nkhani yake ndi yomwe ndanena ija. Ine ndinayamba ntchitoyi pa Windows 98, sindinaonepo vuto lopulumuka format.

Mlongo wa ku Zomba: Madala, mukafomata Office ya alongo awo ija mubwezeretsa ndi chiyani? Nanga mapasiwedi osungidwa mu Chrome? Achimwene, vuto lanu si pasiwedi. Mwanayo akulowa ndi PIN ya amayi ake, ndipo poti akauntiyo ndi ya admin, UAC, kawindo kopempha chilolezo cha admin, ikafunsa amangodina Yes. Sinthani PIN pa Sign-in options, imangofuna PIN yakale. Kenako mutsegulireni mwanayo akaunti yakeyake ya standard, net user dzina /add, osamuika mu gulu la Administrators. Akafuna kuika gemu idzafuna PIN ya amayi. Ndipo poti muli mkati, manage-bde -protectors -get C: ikuonetsani recovery key ija, muilembe papepala muwapatse mayiwo.

Wa ku Mzuzu: Koma muwauze asaike chaka chobadwa. Ana amayamba kuyesa chimenecho. Ndipo asalembe PIN pa kapepala n'kumata pansi pa laputopu, ndaziona kangapo.

Wa ku Ndirande: Magemu ena safuna admin, amangolowa mu AppData, foda ya akaunti ya mwanayo. Ena ndi a pa browser. Bandulo izithabe.

Madala a ku Limbe: Mwaona? Zigamba zokhazokha. Tsiku lina alongo awowo akadzasintha pasiwedi ku Joni kuja, PIN n'kuvuta, mayiwa adzabwera kwa inu nomwe. Fomatani lero.

Mlongo wa ku Zomba: Apo pokha mwanena zoona, akaunti ya munthu wina siyenera kukhala yokhayo ya admin. Koma pali Sign in with a local account instead, mafayilo osakhudzidwa. Bola muone kaye ngati Desktop ndi Documents sizili mu OneDrive ya alongo awowo, chifukwa mafayilo okhala ndi kamtambo aja sali pa disiki.

Wa ku Area 25: Magetsi athima, batire ili pa 11%. Ndiyesa akayaka.

Madala a ku Limbe: Akayaka mufomate.

Wa ku Ndirande: Pepani kupatutsa nkhani, alipo ali ndi chaja ya HP ya pini yabuluu, 65W? Ya kasitomala yapsa.