Breaker ikumagwa m'chipinda cholimamo chamba: kodi ndiike yaikulu?

Wofunsa:

Kumene ndikukhala lamulo limalola munthu wamkulu kulima mitengo yochepa ya chamba m'nyumba mwake, ndipo ndakhala ndikutero m'kachipinda kena kwa miyezi iwiri tsopano. M'menemo muli nyale ziwiri za HPS (nyale zowala kwambiri zolimira mbewu m'nyumba) za mawati 600 iliyonse, fani, makina ochotsa chinyezi a mawati 400 ndi hita ya mawati 2,000, ndipo zonsezi ndinazilumikiza pa ekisitenshoni imodzi yochokera pa soketi ya pakhoma. Magetsi athu ndi a ma volt 230, breaker (swichi yodula magetsi yokha akachuluka) ndi ya ma amp 16. Breaker ikumagwa nyale zikangoyaka, ndipo dzulo nditagwira pulagi ndinaipeza itatentha, ikununkha pulasitiki yopserera. Mnzanga wina akuti ndingoikapo breaker yaikulu. Kodi odziwa zamagetsi mukuti chiyani?

Yankho loyamba:

Bambo, chonde musatero, ndipo pulagiyo muizule lero lomwe. Ine ndimagwira ntchito yolumikiza magetsi m'nyumba, ndipo langizo la mnzanuyo ndi limene ndimaliopa kuposa onse. Ntchito ya breaker ndi kuteteza waya wa m'khoma, choncho kukula kwake kumasankhidwa molingana ndi kunenepa kwa wayayo. Mukaikapo yaikulu pa waya yemweyo, magetsi adzapitiriza kudutsa ngakhale wayayo atayamba kusungunuka, ndipo moto udzayambira mkati mwa khoma kapena kudenga, kumene simungauone mpaka utakula.

Werengani nokha. Ma volt 230 kuchulukitsa ndi ma amp 16 ndi mawati 3,680, pamene zipangizo zanu, mukaphatikizapo fani ndi magetsi amene ma ballast (timabokosi towongolera magetsi opita ku nyale) amadya paokha, zapitirira kale 3,700. Komanso chipangizo chimene chimayaka maola ambiri osapuma sichiyenera kupitirira magawo 80 pa 100 a mphamvu ya breaker, amene kwa inu ndi mawati pafupifupi 2,900. Nyale zolimira zimayaka maola 12 mpaka 18 tsiku lililonse, choncho waya sapeza mpata wozizira monga amachitira ndi ketulo kapena simbi. Ekisitenshoni zambiri zimalekezera pa ma amp 13 kapena kucheperapo, n'chifukwa chake pulagi yanu yapserera. Itanani mmisiri wovomerezeka akukokereni waya wapadera kuchokera pa bokosi lalikulu la magetsi, wokhala ndi breaker yake ndi RCD (swichi yodula magetsi akayamba kuthawira kwina, monga kudzera m'thupi la munthu) ya ma milliamp 30, popeza m'chipindamo mumagwiritsanso ntchito madzi.

Yankho lachiwiri:

Ndikugwirizana ndi amisiriwa, koma ndionjezeko kuti ngakhale breaker isagwe, ngozi ikhoza kukhalapobe. Pamene waya wagwira mopepera, mu soketi yokhwepa kapena pa sikuluwu yosamangitsa, pamatentha pang'onopang'ono kwa masabata, koma magetsi odutsapo sachuluka mokwanira kugwetsa breaker. Kwa ine chinapserera chinali timer yotsika mtengo ya pakhoma, yoyatsa ndi kuzimitsa nyale pa nthawi yake. Ballast ya maginito imakoka magetsi ambiri panthawi yoyaka, ndipo tizitsulo ta mu timer tinawotchererana mpaka nyale zinasiya kuzima. Chiyambire pamenepo nyale ndimaziyatsira pa contactor (swichi yolimba yopirira magetsi ambiri), timer imangoilamula.

Ballast ikhale pamwamba, yomangirira pa chinthu chosapsa, kutali ndi chidebe cha madzi, ndipo mawaya onse achoke pansi. Musapopere madzi nyale zili chiyakire, chifukwa dontho lozizira likagwera pa babu lotentha la HPS, galasi likhoza kusweka ndi kugwera pa masamba ouma kapena pa pulasitiki. Ngati ekisitenshoni yanu ndi ija yokulunga pa gudumu, itambasuleni yonse, pakuti waya wokulungidwa amasunga kutentha.

Yankho lachitatu:

Ine ndingafunse chifukwa chimene hita ikuyakira limodzi ndi nyale ziwiri za HPS, zimene paokha zimatenthetsa kale chipinda. Hitayo yokha ikudya magetsi oposa theka la onse. Nyale za LED zimachepetsa kutentha ndi magetsi omwe, ngakhale kuti nazonso zimafuna mpweya wozungulira bwino ndiponso kupukuta fumbi. Muike alamu ya utsi m'chipindamo ndi ina panja pa chitseko, zolumikizana ngati n'kotheka kuti mumve muli kogona, ndipo chozimitsira moto cha ufa kapena cha CO2 chikhale kunja kwa chitseko. Moto wa magetsi suthiridwa madzi: muzimitse swichi yaikulu, ndipo ngati wakula, tulukani ndi kuitana ozimitsa moto.

Wofunsa:

Zikomo nonse. Ndazula zonse, ndipo nditayang'ana soketi ya pakhoma ndapeza kuti bowo limodzi lada ngati khala. Mmisiri abwera mawa, ndipo nyale zikhala zozima mpaka ataona waya wa m'khomayo.