Za thumba la zadzidzidzi ndi pempho la Nachisale

Nachisale: Amayi apampando ndi amayi anzanga nonse, ndalemba pano pa gulu lathu la banki m'khonde chifukwa Loweruka sindidzapezeka ku msonkhano, ndikudwazika bambo akunyumba kuchipatala cha Queens. Madokotala atiuza kuti chikasu chija ndi khansa ya m'njira ya ndulu. Chotupa chatseka njira imene ndulu imadutsa pochoka kuchiwindi kupita m'matumbo, n'chifukwa chake maso ali chikasu, mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo thupi likuwayabwa moti amadzikanda usiku wonse mpaka msana wachita zilonda. Ndinapempha ngongole ya K350,000 pamodzi ndi thandizo la m'thumba la zadzidzidzi, koma lero alembi andiuza kuti ngongole palibe ndipo m'thumbamo muli K64,000 yokha. Ndikufuna ndimve kumene ndalama zapita, pakuti mwezi watha tonse tinamva ndi makutu athu kuti munali K210,000.

Apampando: Pepani kwambiri ndi matendawa, Nachisale, ndipo tonse tikuwapempherera bambowo. Masheya anu ndi K120,000, ndipo kuchulukitsa katatu mukanatenga K360,000, koma mudakali ndi ngongole ya K85,000 ya mu Julayi, ndipo ndime 7 ya malamulo athu mukuidziwa: munthu satenga ngongole ina yoyamba isanathe. Za thumba la zadzidzidzi, tinatulutsamo K50,000 ya maliro a ku Chirimba.

Nachisale: Ngongole yanga yatsala K55,000 osati K85,000, chifukwa K30,000 ndinaipereka m'manja mwa asungichuma pakhonde la amayi a Tadala tsiku lija kunagwa mvula, ndipo m'kabuku kanga anasainamo. Komanso mukachotsa K50,000 pa K210,000 pamatsala K160,000. K96,000 ili kuti?

Amayi a Tadala: Ine ndinalipo pamene K30,000 inkaperekedwa, ndipo ndinaiwerenga ndekha ndisanaipatsire kwa asungichuma. Ndime 7 yomweyo sinagwire ntchito chaka chatha pamene achemwali a apampando anatenga ngongole yachiwiri ya kaunjika yoyamba isanathe. Tinalankhula, tinauzidwa kuti tikuyambitsa mipatuko, ndipo ine ndinalipitsidwa chindapusa cha K2,000 chifukwa chokweza mawu.

Apampando: Nkhani imeneyo inatha pa kugawana kwa Disembala, amayi a Tadala, ndipo ngongoleyo inabwezedwa yonse ndi chiwongoladzanja chake. Tisaidzutsenso pamene mnzathu ali pa matenda.

Nabanda, msungichuma: Amayi anzanga, ndiloleni ndifotokoze ndisanatchedwe wakuba. K96,000 sinali m'bokosi, inali mu foni yanga, chifukwa ambiri a inu munasiya kubweretsa ndalama pamanja ndipo mumangonditumizira, ena usiku, ena popanda ngakhale ya kotapira. Pa 3 mwezi uno mwana wanga anabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, tsiku lomwelo eni nyumba anabwera ndi loko, ndipo bambo akunyumba anali asanalandire malipiro kuntchito kwawo. Ndinabwereka ndalamayo ndili ndi mtima wobweza pasanathe sabata, ndipo apampando ndinawauza pafoni. Sindinkadziwa kuti matenda a kwa Nachisale afika pamenepa. Zaka zinayi ndasunga chuma cha gulu lino popanda kulandira ngakhale ya sopo, ndipo ulendo wonse wa ku Limbe kokagula mabuku ndimakwera minibasi ndi ndalama yanga. K30,000 ija ndikuikumbukira, ndinangoiwala kuuza alembi kuti ailowetse m'buku lalikulu. Ndibweza zonse bambo akalandira.

Apampando: Munandiuza kuti mwapanikizika, Nabanda, koma simunandiuze kuti mwatapa m'thumba la gulu. Musandiike m'kamwa mawu amene sindinanene.

Nangozo: Ine ndinadwazikapo malemu mayi anga matenda a khansa, ndiye ndikupempha kuti tiganizire nthawi. Nachisale, funsani madokotala momveka ngati chotupacho chingachotsedwe ndi opaleshoni, chifukwa khansa imeneyi nthawi zambiri imadziwika itakula kale, ndipo opaleshoni imatheka pokhapokha isanafalikire. Funsaninso za kachubu kotsegula njira ya ndulu, chifukwa chikasu chikapanda kutsika kemo, mankhwala olimbana ndi khansa, sayamba msanga. Akayamba kutentha thupi ndi kunjenjemera muitane anamwino nthawi yomweyo, pakuti ndulu yotsekeka imachita matenda ena oopsa. Pitaninso ku kiliniki ya Tiyanjane pa Queens pomwepo, kumene ife anatithandiza ndi mofini wakumwa ndi uphungu, ndipo kupita kumeneko sikutanthauza kuti mwataya mtima. Ine ndikuti malamulo tinalemba ndife, tingathe kuvota kuti ndime 7 iyambe yaima.

Nachisale: Zikomo Nangozo, zimenezo n'zimene dokotala wanena. Akufuna sikani ya MRI kuti aone pamene chotupa chafika asanagamule za opaleshoni kapena kachubu, ndipo akuti tikachedwa bambo afooka kwambiri. Atsika thupi moti lamba ndaboola mabowo awiri atsopano, ndipo phala akumwa masipuni atatu okha. Geni yanga ya tomato mumsika wa Ndirande yaima milungu itatu. Zaka zisanu ndaponya K1,000 ya zadzidzidzi mwezi ndi mwezi osaphonya, ndasonkhera maliro ndi matenda a m'nyumba zanu, ndipo sindinatapepo kanthu. Lero ndi tsiku langa loyamba kupempha, ndipo ndikuuzidwa kuti ndalama yanga inalipira fizi ya mwana wa munthu wina.

Amayi a Tadala: Bokosi litsegulidwe mawa, osunga makiyi onse atatu abwere, ndipo buku lalikulu liwerengedwe pamaso pa aliyense.

Apampando: Msonkhano wadzidzidzi umafuna anthu 15 mwa 22, ndipo pano alankhula asanu okha. Amene akuvomereza kuti tikumane mawa 4 koloko alembe dzina lawo.

Nangozo: Ine ndavomera.

Amayi a Tadala: Inenso ndavomera, ndipo Nabanda abwere ndi foni yawo.

Nachisale: Ndikuona kuti anthu 19 awerenga uthengawu kuyambira masana. Dokotala adzafika m'wodi Lachisanu m'mawa ndipo adzandifunsa ngati ndapeza ya sikani. Amayi apampando, ndidzawayankhe kuti chiyani?