Gulu la banja: za nyumba ya ku Kalongwezi

Amalume (Katete): Abale, nkhani ya Tisa mwaimva nonse. Ukwati wake ku Joni watha, mwamuna wapereka kale mapepala kukhoti. Chovuta ndi chakuti pamapepalawo walembanso nyumba ya ku Kalongwezi, ku Chipata. Loweruka tikumane kwa Amai ku Chipata, koma tiyambe kukambirana pompano.

Azakhali: Nyumba iti? Imene Tisa anamanga ndi ndalama zake za unesi? Munthu uja anabwera kuno kamodzi kokha, njerwa ngakhale imodzi sananyamule.

Tisa: Azakhali, tinakwatirana ku Home Affairs popanda kusaina antenuptial contract, pangano la chuma losainidwa ukwati usanachitike. Loya wandiuza kuti kuno mukatero, chuma chanu chonse chimakhala chimodzi, ndi ngongole zomwe. Chimene unali nacho kale, chimene wagula pambuyo, chonse chimagawidwa pakati.

Azakhali: Nanga malamulo a ku Zambia sakukuteteza? Si ndiwe mwana wa kuno?

Mabvuto (Lusaka): Azakhali, khoti la ku South Africa limayang'ana kumene mwamuna anali wokhazikika pa tsiku la ukwati. Alamu athu ndi a komweko, ndiye lamulo ndi lawo, la chuma cha m'banja la 1984. Akanakwatirana kuno ndi munthu wa kuno, High Court ikanatsata Matrimonial Causes Act ya 2007, woweruza n'kuona zimene aliyense anaikapo ndi zosowa za ana. Uko sawerenga thukuta, amangodula pakati.

Atate aang'ono: Ndiye njira ndi yapafupi. Mawa tipite ku Lands, taito isinthe dzina ikhale ya Amai. Akabwera adzapeza palibe kanthu.

Mabvuto (Lusaka): Atate, chonde zimenezo ayi. Nyumba ili kale pamapepala a khoti. Tikasintha dzina lero, loya wa mwamuna adzanena kuti Tisa wabisa chuma, ndipo woweruza akhoza kuiwerengera ku gawo la Tisa ngati kuti anadya kale. Komanso mu ukwati wotere munthu saloledwa kupereka nyumba popanda mnzake kusaina. Tingamulowetse m'mavuto m'bale wathu yemwe.

Amalume (Katete): Pamenepo ndagwirizana ndi Mabvuto. Zakuba m'banja muno ayi.

Amake Dalitso: Ine funso langa ndi la munda wa kumudzi ndi ng'ombe. Dzulo Amai sanadye, akuti mkamwini abwera kudzatenga khola.

Amalume (Katete): Auzeni alongo anga adye. Munda uja ndi wa m'dziko la mfumu, anapatsidwa agogo anu, ulibe taito ndipo sunakhalepo m'dzina la Tisa. Sungalowe m'nkhaniyi. Ng'ombe ndiye tiyenera kunena zoona. Khola ndi la banja, koma muli zinayi zimene anagula Tisa ndi ndalama zotumiza, ndipo ziwiri zabereka. Zimenezo tizilembe padera.

Azakhali: Ngakhale ana a ng'ombe muwalembe? Mayo ine.

Amalume (Katete): Alembeni. Mkamwini anazijambula yekha pa foni tsiku limene anabwera.

Mabvuto (Lusaka): Koma musangoona zimene tikutaya. Mpeni umenewu umadula mbali zonse. Asisi, alamu ali ndi penshoni ku mgodi kuja, si choncho? Lamulo lawo la chisudzulo la 1979 limawerenga penshoni ngati chuma cha banja. Theka lake ndi lanu, bola dzina la thumba la penshonilo lilembedwe bwino m'chigamulo, apo ayi sadzakupatsani. Nyumba ya ku Kempton Park, ku Joni, nayo theka ndi yanu, galimoto chimodzimodzi. Mukaphatikiza zonse mukhoza kupeza kuti iye ndiye ayenera kukuwonjezerani.

Tisa: Za penshoni sanazilembe n'komwe pamapepala ake.

Amake Dalitso: Taonani! Nyumba ya ku Chipata anaikumbukira, penshoni yake anaiwala.

Mabvuto (Lusaka): Ndiye poyambira pathu ndi pamenepo. Loya amuuze kuti asunge ya ku Kempton Park, Asisi asunge ya ku Kalongwezi, zotsala awerengerane ndi penshoni. Ndikuona kuti avomera. Mlendo kukhala ndi malo kuno si nkhani yapafupi, Lands Act ya 1995 imalola ochepa okha, monga amene ali ndi chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale. Ndipo chigamulo cha ku Joni sichisintha taito ya kuno pachokha, angafunike kudzayambanso ndi maloya a kuno.

Atate aang'ono: Nanga malowolo? Ine ndine nkhoswe, anthu aja akandiimbira ndiwayankhe chiyani?

Amalume (Katete): Malowolo si a khoti lija, ndi nkhani ya ankhoswe a mbali ziwiri. Pali ana awiri, ine sindiona chobweza. Koma musawayankhe nokha, muziti tikhala pansi Loweruka.

Tisa: Anawo ndiye andidetsa nkhawa kuposa nyumba. Ndinafuna ndiwatumize kwa Amai pa holide, koma sangatuluke m'dziko popanda kalata ya atate awo.

Azakhali: Usawasunthe mwanangu, angakunamizire kuti wawaba. Ndibwera ine ndidzakhale nawe mwezi umodzi, pasipoti yanga ikadali bwino.

Amalume (Katete): Chabwino. Tigawane ntchito. Amake Dalitso, funani taito, malisiti a simenti ndi malata, ndi mapepala a lendi ya anthu okhala m'nyumbamo. Mabvuto, peza munthu wovomerezeka woyesa mtengo wa nyumba, loya akufuna pepala losainidwa. Ya basi ya Azakhali tisonkhe pa Airtel Money kwa Amake Dalitso lisanafike Lachisanu.

Amake Dalitso: Malisiti ena anadyedwa ndi chiswe mu sutikesi ya Amai. Otsala ndijambula madzulo ano, magetsi akabwera.

Atate aang'ono: Loweruka nthawi yanji? Ndili ndi maliro ku Chadiza m'mawa.

Amalume (Katete): 14 koloko. Mubwere ndi buku la dibi, ndimo muli chiwerengero cha ng'ombe.